Chaka Chimene Amayi Onse Anali ndi Pakati

Mukafika pamsika wa Chonde n'kufunsa za mayi amene anaimitsa esiteti ya tiyi yathunthu, palibe adzakufunseni dzina. Adzakulozerani pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pokwerera minibasi, pamene pamakhala mayi wamfupi wa manja okhakhala, wogulitsa nanazi, amene satsitsa mtengo ngakhale muwatche alamu anu. Amenewo ndi a Joice Muhiwa. Kuwaona atakhala pachidebe chozondotsa akusenda nanazi ndi mpeni wothyoka nsonga, simungaganize kuti anayamba aimikapo bwana pamvula masiku awiri.

A Joice anabadwira m'nyumba za esiteti ina ya tiyi kumusi kwa phiri, m'chipinda chimodzi chogona anthu asanu ndi awiri. Agogo awo anachoka ku Mozambiki pothawa chibalo cha Apwitikizi, n'kudzapeza thangata likuwadikira kuno. Mayi awo anathyola tiyi mpaka msana unapindika, ndipo a Joice nawo analowa m'munda ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sukulu itathera sitandade sikisi.

Odutsa pagalimoto amaima n'kumajambula othyola tiyi, ati ndi zokongola. Ayese okha tsiku limodzi. Dengu kumsana, epuloni yolimba ya pulasitiki kuchokera pachifuwa mpaka m'maondo yotchinga nthambi ndi mame, ndodo yaitali yogoneka pamwamba pa tiyi kuti uzithyola molingana, ndiyeno masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka dzuwa kupendeka. Komanso tiyi sadikira munthu. Mvula ikagwa amaphuka ngati wapenga, ndipo ukachedwa masiku ochepa tsamba limakhwima, fakitale n'kulikana. N'chifukwa chake esiteti imafuna manja ambiri nyengo ya mvula, mvula ikatha n'kuwabweza kwawo. Chaka chilichonse munthu amakaimanso pageti ngati mlendo, ngakhale atathyola zaka makumi awiri.

Pa esiteti imeneyi ntchito inkalembedwa ndi ndodo. Kapitawo wamkulu, a Pilato, ankayenda pamzere wa amayi ndodo ili m'manja, ndipo amene wakhudzidwa paphewa ndiye kuti walowa. Maso awo sankaona nkhope kapena manja, ankaona m'chiuno. Mayi woyembekezera ankadumphidwa ndi mawu aulemu kwambiri: “Kapumeni, mayi, mudzabwere chaka chamawa.” Lamulo loletsa zimenezi lilipo ndithu, lolembedwa m'Chingerezi chabwino, koma limakhala m'maofesi kuboma ndipo silinayambe ladzukapo m'mawa kudzaima pageti.

Ndiye amayi anapeza nzeru yawo, nzeru yoipa ya anthu osowa pogwira. Woyembekezera ankamangidwa mimba ndi chitenje. Mnzake ankaima kumbuyo, bondo pamsana, n'kukoka mpaka mimba italowa, kenaka epuloni pamwamba. Akalembedwa ankamangabe m'mawa uliwonse, chifukwa kapitawo akangozindikira ntchito yathera pomwepo. Mwa omanga onse, katswiri anali a Joice. Mfundo yawo sinkamasuka ngakhale munthu awerame tsiku lonse, ndipo ankanyadira lusolo. Ankati akuthandiza anzawo, ndipo panthawiyo zinalidi choncho m'maso mwa aliyense.

M'chaka cha 1999 inafika nthawi ya a Joice eni ake. Anali ndi pakati pa miyezi isanu, mimba yoyamba, ndipo amuna awo a Isake, onyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, anali atathyoka mwendo. A Joice anatenga chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu chimene a Isake anawagulira ku Limbuli ali pachibwenzi, nadzimanga okha. Ndodo ya a Pilato inawakhudza paphewa. Anathyola milungu isanu ndi iwiri atamanga, mpaka tsiku lina mu Januwale anagwada pakati pa mizere ya tiyi osathanso kudzuka. Mwana anali wamkazi, ndipo anabadwa osalira.

Mwana wotere ndi mtayo, ndipo mtayo salira. Amayi akuluakulu anakamuika okhaokha m'mbali mwa mtsinje, opanda bokosi, opanda nyimbo, nabwera kudzawauza a Joice kuti asagwetse msozi, akalira atseka njira ya ana ena. A Joice anamvera. Anamwino kuchipatala anati zimachitika, sitinganene kuti ndi chitenje. A Joice sanatsutse, koma anachapa chitenjecho n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo kuyambira tsikulo sanamangenso munthu. Pambuyo pake anabereka anyamata awiri, Gift ndi Bryson.

Tisawanamizire kulimba mtima kumene analibe. Kwa zaka makumi awiri a Joice anangosiya kumanga, koma ena ankamangabe iwo akuona. Pakamwa paja panali pakuthwa kale: ndiwo anakana kulowa m'munda wongopoperedwa mankhwala, ndiwonso anafunsa bwana wina ngati iye amakadzithandiza m'tchire monga iwo. Kamodzi anaimirira pamsonkhano wa yuniyoni n'kutchula za mimba zomangidwa. Wapampando, bambo wa jekete, anati zachizimayizo tidzakambirana patsogolo. Patsogolopo sipanafike, ndipo a Joice anakhala pansi ndi manyazi ndi mkwiyo.

Chinawadzutsa ndi Rosie. Ameneyu anali mwana wa malemu mnzawo wa a Joice, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wothyola mwachangu. Mwamuna wake anapita ku Joni, foni n'kuzima. Mvula yoyamba ya 2019 itagwa, kutatsala masiku asanu kuti alembe ntchito, Rosie anafika masana napeza a Joice akusonkhezera moto pamphika wa nyemba za kalongonda. Anakhala pansi n'kutulutsa chitenje m'jumbo.

“Amayi, akuti manja anu ndiwo amadziwa.”

A Joice anayang'ana chitenjecho, nayang'ana mimba. Inali ya miyezi isanu. “Ndinasiya kalekale,” anatero.

“Ndiye ndipita kwa a Lettie.”

“A Lettie amamanga ngati akumanga nkhuni. Supita kulikonse.”

“Nanga ndidya chiyani, amayi?” Rosie sanakweze mawu. “Mukandiletsa mundiuzenso chodya. Mwanayu akapulumuka chitenje afa ndi njala, ndiye musankhe inuyo.”

A Joice anapsa mtima chifukwa mwanayo ankanena zoona. Anamulanda chitenjecho, namuuza kuti awapatse masiku atatu.

Mawa lake a Isake anatsika kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phiri, mapewa atatupa, namva nkhaniyo akutsuka mapazi. Ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo anayankha za kuntchito kwawo basi. “Ife mlendo akabwera ndi chikwama cholemera mopitirira, timakanira pansi pa phiri, tonse, wina asananyamule. Ukakanira wekha pakati panjira, mawa amatenga mnzako.”

“Chikwama n'china, bambo a Gift. Mimba tingaikanire tonse bwanji poti ili ndi mmodzi?”

Atanena zimenezo maso awo anagwera pa zovala zoyanikidwa pachingwe. Kenaka anayamba kuseka okha. A Isake anapukuta mapazi, podziwa kuti mkazi wawo akaseka choncho ndiye kuti kwinakwake kukubwera mavuto.

Masiku atatu amenewo a Joice anayenda ngati wogulitsa nsomba zoti ziwola. Anafika pamjigo, kuchigayo, kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndiponso pamaliro ena pamene amayi ankaphika kuseri. Mawu anali amodzi: tsiku lolemba ntchito, mayi aliyense abwere ndi mimba. Amene alibe apinde zitenje, atenge pilo, aike m'kati mwa diresi. Ngati a Pilato akufuna kudumpha oyembekezera, adumphe mzere wonse, ndiyeno tiyiyo akathyole ndi akazi awo.

Ena anakana poyera. Ena anati kunamizira mimba n'kuitana tsoka. Ambiri ankangoopa, ndipo mantha awo anali omveka, pakuti nyengo ya tiyi ikakuphonya chaka chonse chapita. A Joice sanawanyengerere. Ankafunsa funso limodzi, kuti ndani pano sanamangepo kapena kumanga mnzake, ndipo maso ankagwa pansi. A Lettie, mnzawo wakale wa imvi mutu wonse, ndiwo anathyola mantha ndi chipongwe chawo. “Ine mimba pamsinkhu uno? Chabwino, koma yanga ikhale ya mapasa. Akuluwa kunyumba ayende modzitama kamodzi asanafe.” Amayi anaseka chikhakhali, ndipo amene waseka nawo zinamuvuta kukananso.

Tsikulo kunacha ndi mvula yowaza. Abambo anali kale pamzere wawo pamene amayi anayamba kutulukira m'tinjira ta m'minda, awiriawiri, atatuatatu, manja kumsana, akuyenda chotang'adza. Mwa amayi pafupifupi makumi asanu ndi awiri, makumi asanu anali ndi pakati. Panali mimba zosongoka, zopendekera kumbali, ndi ina ya makona anayi chifukwa mwini wake anaikamo khushoni yapampando. Rosie anaima pakati pawo ndi mimba yake yeniyeni yosamanga. Kumzere wa abambo wina anafunsa kuti kodi chaka chino mumadzi a pamjigo munagwera chiyani, ndipo mzere wonse unagwa nako kuseka.

A Pilato anatuluka ndi ndodo yawo, nafika pamzere, naima kukamwa kuli yasa. Anayenda mpaka kumapeto n'kubwerera. Anaima pamaso pa a Lettie.

“Mayi Lettie, ndi imvi zonsezi?”

“Mukafunse akuluwa kunyumba, a kapitawo, ine ndangolandira. Ndipo ndodo yanuyo ikangondikhudza pamimba, mukalongosola kupolisi.”

A Pilato anakhudza mapewa a amayi makumi awiri opanda mimba aja, kenaka anaimba foni. Posakhalitsa inafika njinga yamoto ya a Hopeson, bwana woyang'anira minda, munthu wophunzira, wa nsapato zoyera ngakhale m'matope. Anafunsa kuti masewerawa ndi a chiyani. A Joice anatuluka pamzere, mimba yawo ili patsogolo.

“Pakati pathu pano alipo oyembekezera enieni, bwana. Sitikuuzani kuti ndi angati kapena ndi ati. Mukafuna manja athu mutenge ndi mimba zomwe, zenizeni ndi zabodza.”

“Pano palibe amene amakanidwa chifukwa cha mimba,” anatero a Hopeson. “Lamulo sililola.”

“Ndiye palibe vuto, bwana. Tilowe.”

“Muyambe mwachotsa nsanzazo.”

“Nsanza zikulepheretsa chiyani? Ife timathyola ndi manja.”

A Hopeson anaona kuti agwidwa ndi mawu awo omwe, ndipo munthu wophunzira akagwidwa amathamangira kuopseza. Anati mawa kubwera lole yodzaza anthu ochokera kutsidya kwa malire, ofuna ntchito osati zisudzo. Geti linatsekedwa. Amayi anakhala pansi pa mitengo ya bulugamu tsidya lina la msewu, mvula ikuwanyowetsa, ndipo kuseka kuja kunatha. Pofika masana, amayi atatu anasolola zitenje zawo, nakagogoda pageti, nalowa osacheuka. Rosie ananong'oneza a Joice kuti bola amumange basi, asaphetse anthu onsewa ndi njala chifukwa cha iye. A Joice anamuuza kuti atseke pakamwa, koma nawonso anali ndi mantha. Akanalephera, mabanja makumi asanu akanawaloza chala chaka chonse, ndipo Rosie akanamangidwabe.

Chimene a Joice sankadziwa n'chakuti mwa amayi opanda mimba amene analowa aja munali Leah, mayi wachete wa ana atatu, amene anakana zonamizira mimba chifukwa iye anali ndi yeniyeni yomanga. Chakumadzulo Leah anakomoka m'munda. Anzake pomumasula epuloni anapeza chitenje chitalowa m'mnofu, mfundo yosamasulika, mpaka anachita kudula ndi mpeni. Anatsitsimuka, ndipo mwana wake anapulumuka, koma onse amene anaona mkwingwirima wa pamimba paja anabwerera kwawo mitima itatembenuka.

M'mawa mwake lole ija inafikadi, itanyamula abambo asanu ndi anayi, chifukwa kutsidyako nakonso anthu anali kubzala. Ndiyeno kunatulukira amayi amene analowa dzulo aja, kupatula Leah, pamodzi ndi atatu othawa aja, aliyense ndi mimba yake. Anadutsa geti lotsegula osaliyang'ana, nawoloka msewu, nakhala pansi pa bulugamu. “Mosheliwa,” anatero mmodzi kupereka moni wa Chilomwe kwa a Joice, ngati palibe chachitika. A Joice anayankha moniwo.

A Hopeson anaima pamvula nthawi yaitali akuyang'ana minda. Tiyi anali ataphuka biriwiri kuyambira pamsewu mpaka m'tsinde mwa phiri, ndipo tsiku lililonse masamba ankakhwima. Anaimba foni katatu, akuyenda uku ndi uku. Pomaliza anawoloka msewu, nsapato zija zitasanduka zofiira, nanena kuti onse alowe. A Joice anati mawu a pamsewu amapita ndi mphepo, anene mokweza mizere yonse iwiri imve, ndipo alembe papepala alimate pageti: woyembekezera alembedwa ngati wina aliyense, ndipo mimba ikakula apatsidwa ntchito yopepuka ku nazale ya mbande. A Hopeson anavomera. Kenaka anawonjezera kuti akuluakulu anena chinthu chimodzi, amene anayambitsa zimenezi salowa. Sanafunse kuti ndi ndani. Ndodo ya a Pilato inali italoza kale.

A Lettie anati ngati ndi choncho tikhalenso pansi tonse. A Joice anayang'ana amayiwo. Anali anjala, onyowa, ena atasiya ana odwala kunyumba, ndipo anadziwa kuti tsiku lachitatu likhoza kuwathyola n'kutayitsa zonse. Anayang'ana Rosie. “Lowani,” anatero. “Tinabwerera mwana uyu, osati ine. Lowani pepalalo lisanaume.”

Atatero anapisa dzanja m'diresi n'kusolola mimba yawo. Chinali chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chofwifwa m'mapindiro. Anachitambasula pamaso pa a Pilato.

“Mukuchidziwa ichi, a kapitawo? Simungachidziwe, chinali pansi pa epuloni. Chaka cha 1999 munandikhudza paphewa ndi ndodo yomweyo, munati lowa. Ndinalowa ndi mwana wanga wamkazi, ndinatuluka ndekha. Ine ndinakoka mbali ino, inu munakoka mbali inayo. Ine mlandu wanga ndauvomera, wanu muusenze nokha.”

A Pilato anatsitsa ndodo, ndipo amayi analowa pageti mmodzimmodzi popanda wowakhudza paphewa. A Joice anadikira mpaka Rosie atalowa, napinda chitenje chawo, nauyamba wa kunyumba.

Umo ndi momwe anayambira za nanazi. Sizinali zokoma: chaka choyamba banja linadalira mapewa a a Isake, ndipo ena mwa amene anapindula anayamba kuwalambalala pamsewu poopa kuonedwa nawo. Pepala la pageti lija linang'ambika ndi mvula, mabwana anasintha, ndipo atsopano amayesabe nzeru zina. N'chifukwa chake chaka chilichonse tsiku lolemba ntchito a Joice amakweza dengu la nanazi pa kabaza n'kukakhala pansi pa bulugamu tsidya la geti. Msewu ndi wa boma, palibe angawathamangitse. Amayang'ana m'chiuno mwa mayi aliyense monga ankachitira a Pilato, ndipo akaona wina akupuma movutika pansi pa epuloni amamuitana ndi dzina. Alonda amawadziwa, ndipo akawaona amakauza bwana kuti mayi aja afika.

Rosie anathyola mpaka Febuluwale, nakamalizira ku nazale, ndipo mu Epulo anachira mwana wamkazi wa mawu aakulu. Atatuluka m'chikuta anakwera minibasi mpaka ku Chonde, nawapeza a Joice pachidebe chawo. A Joice anapukuta manja, nalandira mwanayo, namuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chitenje chobiriwira chija, chimene kuyambira tsiku la pageti ankayenda nacho kulikonse. Anaika mwana kumsana, nakoka chitenjecho pang'onopang'ono, namanga mfundo yofewa pachifuwa. Mwanayo anavutavuta, kenaka analira mokweza msika wonse kumva.

Pomwepo a Joice nawo anayamba kulira, ali chiimire pakati pa nanazi, mosabisa nkhope. Mayi wogulitsa tomato pambali pawo anathamanga kudzawagwira mkono. “Musalire, amayi, anthu akuona. Mwana ali bwinobwino uyu.”

“Aone,” anatero a Joice. “Anandiletsa zaka makumi awiri zapitazo ndipo ndinamvera. Lero ndilira mpaka ndimalize, ndione amene andiletse.”